Mafuta Amene Amamira

Gando, Pemba
Lolemba, mwezi wa Shabani

Okondedwa achemwali anga a Mwatima,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu anga a Sudi ndi ana onse kumeneko ku Mombasa. Mwendo uja unasiya kutupa? Musangoyankha kuti zili bwino, ine ndimakudziwani. Kuno tilipo mwa chifundo cha Mulungu. Mwana wanu Maua ali bwino, wayambanso kudya ngati munthu. Dzuwa ndiye latikwiyira chaka chino, chitsime chathu chatsika mikono iwiri.

Mwandiimbira kanayi ndipo sindinayankhe. Foni siinawonongeke ayi. Nkhani imeneyi siyokamba pafoni, chifukwa Maua amakhala pafupi, komanso inu mukayamba kundidula mawu sindingaimalize. Ndiye khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto, mukalipe pambuyo.

Mwamva kuti kotchezera mafuta kwa malemu amuna anga a Faki kunachitika zinthu. Zimene mwamvazo ndi theka. Theka linalo ndikulidziwa ndine ndi munthu wina mmodzi, ndipo lero mukhala wachitatu.

Inu simunalowemo m'kachipinda ka magalasi kaja, poti munkati fungo lake limakupweteketsani mutu. Ndiye ndiyambe ndakuuzani za fanulo, apo ayi simumvetsa chimene ndinachita. Ndi botolo lagalasi looneka ngati peyala woimika mutu pansi, kumwamba kotakasuka, kumunsi kosongoka. Pamwamba pali kamwa ndi chitsekerero chake, pansi pali kampopi kakang'ono. Imakhala pamphete yachitsulo, m'mwamba pang'ono, kuti pansi pake pazikwana ndowa kapena botolo.

Tikatcheza masamba mumgolo, zimene zimadontha kupaipi si mafuta okha. Ndi madzi ndi mafuta pamodzi, zotuwa ngati madzi otsukira mpunga. Timathira mufanulo, kutseka, n'kudikira. Madzi ndi mafuta sizikhalira limodzi. Pakapita kanthawi cholemera chimatsikira pansi, chopepuka chimakwera pamwamba, ndipo pakati pamaoneka mzere. Ukatero umachotsa chitsekerero n'kutsegula kampopi pang'onopang'ono. Zapansi zimatuluka. Mzere ukafika pakhosi pa fanulo umatseka. Basi. Ntchito yonse ndi maso, kudekha, ndi kudziwa kuti mwa ziwirizo chako ndi chiti.

A Faki anaigula ku Dar chaka chimene Maua anayamba sukulu. Anabwera nayo pachombo ataikulunga m'chitenje changa, ataifungata pamiyendo ulendo wonse, moti anthu ankawafunsa ngati khandalo ndi lalimuna. Zaka khumi ndi zinayi ndinaigwira ndine. Iwo ankayang'anira mgolo, ine magalasi. Siinang'aluke ngakhale pang'ono.

Mukumkumbukira mlamu wanga Shaame, mng'ono wawo wa a Faki, uja anapita ku Dar ali mnyamata n'kumagulitsa zikwama za mafoni? Atamva kuti mkulu wake wadwalika anabwera ndi mkazi wake Zuwena, akuti kudzathandiza. Tsiku lina masana a Faki atapezako mphamvu anamutengera m'kachipindamo n'kumuonetsa kagwiritsidwe ntchito ka fanulo. Tsiku limenelo tinkatcheza masamba a bulugamu. Anamuuza kuti atsegule kampopi, ataye madzi apansi, asunge mafuta apamwamba. Phunziro lake lonse linali limenelo, masana amodzi. Patangotha milungu itatu a Faki anatisiya.

Munabwera kumaliro, munandisiya ndikuyamba kubindikira. Miyezi inayi ndi masiku khumi ndili m'nyumba monga mwa chipembedzo chathu. Makiyi ndinawapereka ndekha kwa Shaame, ndi manja awiri, ndikumuthokoza. Nthawi yonseyo ankatcheza bulugamu ndi udzu wa mandimu, zimene mafuta ake amayandama, ndipo zinkamuyendera. Pamene ndinkatuluka n'kuti atagula njinga yamoto ndi magalasi akuda a m'maso, anthu akumutcha bwana.

Ndinabwerera kuntchito. Makiyi sanandibwezere, koma ndinati ndisayambe ndine mkangano. Ndinkangoona kuti ndikalowa m'kachipinda nkhope yake imasintha, makamaka alimi akamandipatsa moni ine iye ali pomwepo.

Mudengu mwanga ndinkayenda ndi kabotolo ka mafuta a karafuu, mtengo wathu wa zonunkhira wochiza dzino uja, omaliza amene a Faki anatcheza ndi manja awo. Anandipatsa okha. Ndinkangokanunkhiza mtima ukandilemera, palibenso china.

Lachinayi lina madzulo, pabwalo podzaza alimi obweretsa masamba, Shaame anandiimitsa pageti. Anati, "Alamu, denguli likulemera bwanji masiku ano?" Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Zuwena analanda dengu n'kulikhuthulira pansi. Chipeso changa, mkate wotsala, nsalu yopempherera, zonse m'fumbi. Kabotolo kanagubuduka mpaka kumapazi a Shaame. Anakatola, n'kukakweza m'mwamba kuti aliyense aone, n'kunena kuti tsopano wadziwa chifukwa chimene mafuta akuchepera m'nkhokwe.

Sizinathere pomwepo, achemwali. Zuwena anati mwina kwinako wabisa m'thupi. Anandimasula chitenje pamaso pa amuna, n'kundipapasa m'chiuno ndi pachifuwa ngati akusankha nkhuku pamsika. Ine, mkazi wa zaka makumi anayi ndi chimodzi, wongotuluka kumene m'nyumba ya maliro. Ndinkanena kuti anandipatsa ndi a Faki. Shaame anati ndikawaitane adzandichitire umboni. Ena anaseka. Ambiri anangoyang'ana pansi.

Kenako Shaame anagamula mokweza mawu, kuti ngakhale a Kombo osonkha moto kumgolo amve. Anati, "Poti ndinu mkazi wa malemu sindikuthamangitsani. Koma kuyambira lero galasi musalikhudze, ndipo za mafuta musatsegulepo pakamwa. Ntchito yanu ndi ndowa. Chimene ndakuuzani kuti mukataye, muzikataya."

Munandilembera nthawi imeneyo kuti ndipirire, Mulungu akuona. Ndinapirira. Ndikanachoka, gawo la Maua pamalopo likanapita ndi mphepo.

Koma chimene sindinakuuzeni ndi ichi. Anthu a ku Wete aja amene anafunsira Maua, tsiku la ukwati litatsala pang'ono kudziwika, anatumiza azakhali awo. Mayiyo anamwa tiyi wanga, anadya zitumbuwa zanga ziwiri, kenako n'kunena kuti abale aganiza zoti ayambe aona kaye. Anati dzina la banja ndi chinthu chosachedwa kuda. Maua anali kuseri kwa katani, anamva zonse. Sanalire. Anangopinda nsalu zonse zimene munamutumizira zija n'kuziika pansi pa bedi. Milungu iwiri ankadya ngati mbalame.

Kuvulidwa kwanga ndikanatha kukumeza. Koma tsiku limene ndinaona mwana wanga akupinda nsalu zija, mumtima mwanga munalowa chinthu chozizira, ndipo sichinatulukebe.

Miyezi itatu ndinasenza ndowa. Madzi otuluka mufanulo ndinkakawataya kungalande ya kuseri, kumene kuli nthochi. Zuwena ankakhala pakhomo pa kachipinda akudzipaka utoto wa hina m'manja, n'kumandiuza kuti nditambasule zikhatho ndikamadutsa.

Kenako kunabwera uthenga wochokera kwa Bi Raya, mayi wa ku Unguja amene ankagula mafuta kwa a Faki n'kumakagulitsa kwa opanga sopo ndi mankhwala a mano. Ankafuna mafuta a masamba a karafuu, ochuluka, ndipo ananena tsiku limene adzafike. Shaame anayenda mudzi wonse panjinga yake akulengeza. Amayi anasesa masamba ouma pansi pa mitengo kwa milungu itatu, matumba anafika kudenga. Anawalonjeza kuti mafuta akagulidwa aliyense alandira gawo lake mwezi wosala wa Ramadhani usanafike.

Tsopano mvetserani. Aliyense amadziwa kuti mafuta amayandama pamadzi. Inunso mukudziwa choncho, mumaona mumphika. Koma a karafuu sayandama. Ndi olemera kuposa madzi, amamira. Mufanulo amakhala pansi, achikasu ngati uchi wosungunuka. Pakati pamakhala madzi otuwa, ndipo pamwamba penipeni pamayandama kamafuta kochepa, kopyapyala, kopanda mphamvu, kamene ife tinkangokasakaniza ku sopo wochapira. Pa karafuu, choyamba kutuluka pakampopi ndicho chuma. Kumunsiko umaikako botolo, osati ndowa.

A Faki sanakhale ndi nthawi yomuuza zimenezi. Pamalo ponsepo wodziwa ndinali ine ndekha.

Tsiku loyamba ndinaima ndi ndowa yanga pakhomo. Shaame anadzaza fanulo, n'kudikira akuimba mluzu. Ndinaona mafuta akutsikira pansi, madontho akuluakulu akugwirana, oyera bwino kuposa amene ndinawaonapo zaka zambiri, chifukwa masamba a chaka chino anauma bwino. Iye anawerama, n'kuyang'anitsitsa, n'kunena kuti mgolo wachita dzimbiri, taonani zonyansa zadikha pansizi. Anandikodola kuti ndiike ndowa.

Ndikulumbira, achemwali, pakamwa panga panatseguka. Zaka khumi ndi zinayi zinkandikankha kuti ndinene. Mawu anali atafika kale palilime. Nthawi yomweyo Zuwena anati, "Mwaimiranji ngati chitsa? Kapena mukuwerenga mabotolo oti mudzabe?"

Ndinatseka pakamwa. Ndinaika ndowa.

Anatsegula kampopi. Mafuta onse anatsikira mundowa mwanga, madzi n'kutsatira pambuyo, ndipo iye anatseka mosamala kwambiri kuti kamafuta kapamwamba kaja kasatayike ngakhale dontho. Anakathira m'botolo, n'kulikweza kudzuwa, n'kuuza mkazi wake kuti karafuu ndi wouma manja, koma akhala akudzaza pang'onopang'ono.

Panjira yopita kungalande ndinaganiza zowasunga. Kunali kosavuta. Kungopungula madzi, n'kuthira otsalawo m'chigubu, n'kubisa m'nthochi. Koma ndikanatero ndikanakhala chimene ananditcha chija. Ndinati ayi. Anandiuza pamaso pa anthu kuti chimene wanena kuti nditaye ndizitaya. Ndinataya. Ndinaima n'kumaonerera dothi likumwa.

Ndisakunamizeni kuti manja ankanjenjemera. Sankanjenjemera. Ndowa iliyonse ndinkaipatsa dzina. Iyi ndi ya chitenje changa. Iyi ndi ya nsalu yopempherera imene inagwa m'fumbi. Iyi ndi ya azakhali a ku Wete ndi zitumbuwa zanga. Za Maua zinali zambiri.

Tsiku lachiwiri a Kombo anandipeza kuseriko akutola nkhuni. Anafwenkha mphuno n'kunena kuti ngalande imeneyi ikununkhira kuposa botolo la bwana. Ndinawayankha kuti ngati ali ndi funso akafunse bwanayo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati iwo ntchito yawo ndi moto, n'kumapita.

Tsiku lachitatu ndilo landilembetsa kalatayi.

Anali masana, anthu onse atapita kukapemphera ndi kukadya. Zuwena anali kunyumba. Ndinalowa kukatenga ndowa n'kupeza Shaame atakhala pampando, akuyang'ana botolo lake limene linali lisanafike ngakhale pakati. Magalasi akuda anali atavula. Ankaoneka ngati a Faki ali mnyamata, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa kwambiri.

Anayang'ana pakhomo kuti aone ngati kuli munthu. Kenako, ndi mawu apansi, anati, "Alamu, inu munagwira ntchito imeneyi nthawi yaitali. Kodi karafuu amatuluka ochepa chonchi? Zachikasu zapansizi, achimwene ankatayadi?"

Anafunsa, achemwali. Anafunsa bwinobwino, mwaulemu, ngati munthu. Akanayamba ndi mawu amodzi okha opepesa, mwina ndikanagonja, sindikudziwa. Koma anafuna nzeru zanga mobisa, atandinyoza poyera.

Ndinamuyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Mukuchita bwino, alamu. Pitirizani monga anakuphunzitsirani akulu anu."

Anapuma mpweya waukulu, n'kuvalanso magalasi ake, n'kundiuza kuti ndifulumire ndi ndowa.

Tinatcheza masiku asanu ndi limodzi mpaka matumba onse anatha. Zikhatho zanga zinasupuka chifukwa mafutawo amaotcha khungu. Udzu wa m'ngalande unapserera, nthochi ziwiri zinayamba kufota, nkhuku zinasiya kupitako.

Bi Raya anafika Lachitatu m'mawa. Amayi onse osesa masamba anabwera atavala bwino, ena ndi ana kumsana. Shaame anayala mkeka, anaika maswiti a haluwa ndi khofi, kenako anatulutsa mabotolo ake atatu. Bi Raya anafunsa ngati enawo akubwera. Atamva kuti ndi omwewo, anayang'ana mulu wa masamba otchezedwa kale umene unali kuseri kwa mgolo, wautali kuposa munthu.

Anapempha tambula ya madzi. Anadonthezamo dontho limodzi la mafuta a Shaame. Dontholo linayandama n'kufalikira pamwamba. Anadontheza lina. Chimodzimodzi. Ananyambita pang'ono kuchala n'kunena kuti lilime lake silinachite dzanzi n'komwe. Anafunsa mwaulemu kuti apansi ali kuti.

Shaame anati apansi ake ati.

Bi Raya anati mafuta, bambo, mafuta enieniwo, amene amakhala pansi pa fanulo.

Mutu wa Shaame unatembenuka wokha kuyang'ana kungalande, ndipo mitu yonse inatsatira.

Tinapita tonse. Bi Raya anatola kamtengo, anakumba pang'ono, anatapa dothi n'kuliika m'tambula. Ananunkhiza, anagwedeza mutu. Anati pazaka zake zonse sanaonepo munthu wothirira nthochi ndi mafuta a karafuu, koma chabwino chake n'chakuti nthochi zimenezi sizidzamvanso dzino kuwawa. Mwana wina anaseka. Amayi aja sanaseke. Bi Time, uja wa msana wopindika amene anasesa matumba khumi ndi anayi yekha, anangokhala pansi m'dothimo n'kugwira kumutu.

Kenako kunabuka phokoso. Wina anamuponyera Shaame nsapato. Iye anandiloza akufuula kuti mfiti iyi inkadziwa, yataya dala. Ine ndinali nditaima ndi ndowa yanga. Ndinayankha kuti ndinauzidwa pabwalo lomwe lino kuti galasi ndisalikhudze, za mafuta ndisatsegulepo pakamwa, ndipo chimene bwana wanena kuti nditaye ndizitaya. Ndinafunsa ngati pali amene sanamve tsiku limenelo. Onse anali atamva.

Mawa lake banja linakhala pansi pakhonde pa apongozi anga. Woweruza anali Shehe Haji, amalume a malemu amuna anga. Anthu anadzaza mpaka kumsewu.

Shaame anaimirira n'kunena zoona zokhazokha. Anati tsiku lachitatu masana anandifunsa, ndipo ine ndinamuuza kuti akuchita bwino. Ananena ngakhale mawu anga enieni, osaphonya limodzi.

Shehe anatembenukira kwa ine. Ndinati, "Liti? Pamaso pa ndani?"

Anati panalibe munthu. Ndinati akaitane khomalo lidzamuchitire umboni.

Ndikanakonda mukanamva kuseka kwake kwa anthu. Mkulu wina kumbuyo anakuwa kuti safunsa anadya phula, lero phula lamukakamira kukhosi ndiye akuti anafunsa. Koma amene anamumaliza ndi mkazi wake yemwe. Zuwena anadzambatuka atagwira m'chiuno n'kunena kuti mwamuna wake ndi wophunzira ku Dar, sangadzichepetse kukafunsa nzeru kwa wakuba, zimenezo sizingachitike. Anazindikira chimene wanena mawu atatuluka kale. Shaame anamuyang'ana, n'kukhala pansi ngati thumba lobooka.

Pamenepo a Kombo anakweza dzanja. Anati poti mawu oti wakuba atchulidwanso, iwo ali ndi kanthu kamene kakhala kakuwasowetsa tulo. Anati kabotolo kaja malemu anapereka kwa mkazi wawo iwo akuona, pafupi ndi mgolo, ndipo tsiku lija anakhala chete poopa kuchotsedwa ntchito. Miyezi itatu, achemwali. Anadikira kuti aone kaye mtengo ukugwera mbali iti. Ndinawathokoza pamaso pa anthu, koma moni wanga sadzaumvanso kukoma.

Shehe sananditengere Buku kuti ndilumbire. Akanatero sindikudziwa chimene ndikanachita. Anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi awo kwa kanthawi, kenako anagamula. Makiyi abwerere kwa ine. Shaame agulitse njinga yake apepesere amayi osesa masamba. Ndipo Lachisanu, anthu akamatuluka mumzikiti, aime panja anene kuti anandinamizira.

Lachinayi lomwelo madzulo Shaame anabwera kunyumba kwanga yekha, n'kuima pageti. Anapempha kuti andipepese pomwepo, zithere pakhomo, chifukwa iye ndi mwamuna ndipo ali ndi ana amene akukula. Ndinamufunsa ngati wanga ndi mwana wa mbuzi. Ndinamuuza kuti kumene anandivulira n'kumene akandivekere.

Lachisanu anaima pansi pa mtengo wa mango wa pamzikiti. Ife amayi tinali tsidya lina la msewu. Anang'ung'udza zinazake akuyang'ana zala za kumapazi. Ndinakweza mawu n'kunena kuti kuno sitinamve, pajatu tsiku lija mawu anali nawo. Anabwereza. Ndinati atchule dzina langa ndi la bambo anga. Anatchula. Anati Mboje mwana wa Khatibu si wakuba, ndinamunamizira ndine. Thukuta linkatsika m'khosi mwake. Ndinaliyang'ana mpaka linalowa m'kolala, ndipo ndinamva kukoma kumene sindinakumvepo chimwalirireni a Faki.

Anthu a ku Wete anamva. Azakhali aja anabweranso, akumwetulira mano onse, akuti panali kusamvetsetsana. Ndinawasiya ndi Maua kuti ayankhe yekha. Anawapatsa madzi akumwa, n'kuwauza kuti nayenso akufuna ayambe waona kaye. Sanabwerenso.

Tsopano ndabwerera m'kachipinda kanga. Fanulo ndinaipeza ili ndi mafuta ouma m'khosi, kampopi kakulimba. Ndinaitsuka kawiri ndi madzi ofunda, ndinapaka kampopi, ili bwino. Bi Raya wati adzabweranso tikakonzeka. Masamba ndiye atha pansi pa mitengo, tidikira agwe ena.

Shaame akubwerera ku Dar sabata yamawa. Dzana anabwera kudzatenga zinthu zake. Anaima pakhomo pa kachipinda, ine ndikudikira mzere kuti uoneke. Sanakalipe. Anati, "Alamu, inu ndi ine tikudziwa kuti ndinafunsa."

Ndinati, "Ee, tikudziwa. Inenso ndinkadziwa kuti sindinabe. Zimawawa, eti?"

Anatenga zinthu zake n'kuchoka.

Ndiye mwamva zonse. Ndinanama pamaso pa Shehe, pamaso pa apongozi anga ndi mudzi wonse. Mudzi ukunditcha mayi wopirira amene Mulungu anamumenyera nkhondo. Sanandimenyere ndi Mulungu, ndinadzimenyera ndekha, ndi ndowa. Musandilembere kuti ndikaulule, sindipita. Musandilembere kuti ndimukhululukire mwezi wosala usanafike. Ndayesa kufunafuna chisoni mumtima mwanga chifukwa cha iye, ngati mmene munthu amafunira singano pamkeka, ndipo sindinachipeze. Atabweranso mawa n'kundifunsa, ndingamuyankhe chimodzimodzi.

Amene amandilasa ndi Bi Time. Za njinga zija atagawana anthu onse aja, iye analandira zosakwana ngakhale theka la thukuta lake. Dzulo anandibweretsera mazira anayi, akuti pepani mwana wanga, tinakhala chete tsiku lija anakuvulani. Ndinalandira mazirawo. Ndinalephera kuwadya. Masamba akayamba kugwa ndizikasesa naye m'mawa ndisanapite kuntchito, n'kumathira m'matumba mwake. Iye aziyesa kuti ndi chifundo. Musiyeni aziyesa choncho.

Pempho langa ndi limodzi. Mutengeni Maua akhale nanu ku Mombasa, ngakhale chaka chimodzi. Akufuna kuphunzira ntchito ya magalasi imeneyi kusukulu yeniyeni, ndipo mutu ali nawo. Koma chifukwa china n'chakuti mwanayu anakulira m'kachipinda kaja. Akudziwa mmene mafuta a karafuu amakhalira mufanulo, ndipo akudziwa mayi ake. Tsiku lina tikusenda chinangwa anandifunsa kuti, "Amayi, bambo aang'ono aja sanakufunsenidi?" Ndinamuuza kuti asende bwino, akutaya chakudya ndi makoko. Sanafunsenso, koma akumandiyang'ana. Kwa Shehe ndinatha kunama. Kwa iyeyu sindingathe kawiri, ndipo sindikufuna kuti aphunzire kwa ine mmene zimakomera.

Mundiyankhe msanga kuti ndidziwe zomusokera. Mukamaliza kuwerenga, kalatayi musaisunge m'sutikesi mwanu muja mumasungira zonse. Iponyeni pamoto. Alamu a Sudi muwauze kuti ndalemba za ukwati umene unalephereka.

Mundiperekere moni kwa iwo, kwa mwana wanu Nassoro ndi mkazi wake, ndi kwa kamdzukulu kanu kamene sindinakanyamulebe. Ndakutumizirani kabotolo ka mafuta a udzu wa mandimu ndi amene abweretse kalatayi, muzipaka mwendowo madzulo. Mulungu akusungeni, akupatseni mwezi wosala wamtendere. Mukamapemphera munditchule dzina, poti ine ndikafika pamawu opempha chikhululukiro lilime likumalemera.

Ndine mng'ono wanu,
Mboje binti Khatibu